Nambala ya Pasipoti ya Selina

Mapemphero atatha, Selina anaima pa siteji ya basi ku Oud Metha, kudziko la Aluya kumene amagwira ntchito, kudikira yobwerera kwa madamu amene amawalerera ana. Bambo wina wonyamula mapepala anamumva akuyankhula Chichewa pafoni, n'kumuyandikira.

"Achemwali, ndinu akumudzi eti? Tisainireni apa. Tikupempha aphungu asinthe malamulo oyendetsera dziko kuti boma lililonse lizidziyendetsera zinthu zake, zonse zisamadikire kulikulu."

"Pepala lotere ndinasainapo ndisanabwere kuno. Mlatho wa kwathu unakokoloka, a khonsolo amvekere tikudikira chilolezo cha kulikulu. Mwana wanga anayamba kuvula nsapato pamtsinje umenewo ali Sitandade 4. Lero ali Fomu 1, akuvulabe."

"N'chifukwa chake tisatope. Mutu umodzi susenza denga."

"Ndiye akuluakuluwo avote okha kuti mphamvu zawo zichepe? Munaonapo fisi akudzimangira khola?"

"Inshallah, tikachuluka atimva. Ingolembani dzina, boma lanu ndi nambala ya pasipoti."

"Nambalayo sindiidziwa pamtima."

"Mukaione kunyumba, munditumizire pafoni."

"Ili m'kabati ya madamu, kiyi amasunga okha. Chaka chachitatu chino sindinaigwirepo."

Bamboyo anabweza cholembera m'thumba la shati. Selina anamuyang'ana.

"Achimwene, ine amene ndimachita kupempha kuti ndione chithunzi changa chomwe, ndikachepetse mphamvu za boma? Khalas, nkhani yatha. Basi yanga ndi iyo. Ndikachedwa, Lamlungu likubwerali sanditulutsa."