Shati Inatsala M'manja mwa Che Saidi

Moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndiye mundipirire.

Ambiri mumandidziwa ngati mphunzitsi wa kusekondale. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ku Lifuwu inandibweretsa ndi ntchito. Ndinabwera ndi mkazi wanga Tadala ndi mwana wathu wamkazi, akuyamwa. Tadala sankakonda kungokhala pakhomo. Anapeza ntchito pa chigayo china chopuntha mpunga, yosesa mankhusu ndi kusoka matumba. Poweruka ankafika nsidze zili mbuu ndi fumbi, ine n'kumamunena kuti wakalamba tsiku limodzi. Tinali bwino, abale. Tinali bwino.

Tsikulo ndinali m'kalasi. Foni inalira: "Aphunzitsi, thamangirani kuchipatala, mayi avulala." Nditafika, ndinapeza atamuphimba kale kumaso.

Zinachitika chonchi. Ankasesa pafupi ndi makina. Lamba wa chigayocho anali pamtunda, wosatchinga. Anakola nsonga ya chitenje, n'kumukokera pa chitsulo, chitsulocho n'kumung'amba pantchafu. Anamunyamula pa galimoto ya mpunga. Anathera m'njira.

Maliro atapita, namwino amene anamulandira anandiuza mawu amene sindinawafunse. Anati, "Bambo, akazi anu anataya magazi ambiri. Wina akanangopsinja pabalapo ndi nsalu, mwamphamvu, osasiya, mwina akanafika kuno ali moyo."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kupemphera. M'tchalitchi muno simunandione. Mwana ndinakamusiya kwa apongozi. Msewu wa kuchigayo ndinkaulambalala. M'mutu mwanga munali funso limodzi: amuna onse aja a kuchigayo, manja awo anali kuti?

Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinapita. Ndinapeza Che Saidi, bambo achikulire, Msilamu, amene amayendetsa makinawo. Atandiona anaimirira, n'kuvula chipewa.

Ndinati, "Munalipo?"

"Ndinalipo, aphunzitsi. Makina ndinazimitsa ndine."

"Nanga magazi aja simunawaone?"

Anayang'ana pansi. "Wallahi, Mulungu ndi mboni, ndinawaona. Ndinavula shati yanga kuti ndimange. Koma bala linali pamwamba, mkati mwa ntchafu. Mkazi wamwini. Ndikweze chitenje chake ine, anyamata onsewa akuona? Ndinatuma munthu akaitane azimayi kumene amayanika mpunga. Mmene ankafika, pansi ponse panali patafiira." Kenako anati, "Shati ija inatsala m'manja mwangamu. Sindinaivalenso."

Abale ndi alongo, ndinapita kukapeza munthu woipa kuti ndimude. Sindinamupeze. Ndinapeza bambo amene analemekeza mkazi wanga monga tonsefe tinaphunzitsidwira. Anamulemekeza, anamulemekeza, mpaka magazi anatha. Apo ndiye panandithera mphamvu. Ndinabwerera kunyumba, ndinakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire ngoziyo ndinalankhula ndi Mulungu. Sindinamutamande. Ndinangoti, "Ndichite nazo chiyani zimenezi?"

Yankho silinabwere m'maloto. Linabwera ndi namwino yemwe uja. Anandiuza kuti ku boma kuli maphunziro a chithandizo choyambirira pangozi za kuntchito, ndipo anandikakamiza kupita. Ndinaphunzira kupsinja bala, kumanga pamwamba pake, kugoneka munthu wokomoka. Ndinaona kuti zimene zikanasunga Tadala si za madokotala okha. Ndi za manja wamba ndi nsalu.

Ndinapempha mwini chigayo chija kuti Loweruka ndiphunzitse antchito ake. Anavomera. Nditafika pa nkhani yogwira azimayi ovulala pantchafu, anyamata anayamba kuseka. Wina anati, "Aphunzitsi, mukufuna atiswe mitu amuna awo? Ine ndikadali ndi ntchito ndi mano angawa."

Ndinadikira amalize. Kenako ndinati, "Mwamuna wake wa Tadala ndine. Mukanamugwira, lero ndikanakhala ndikukugwadirani."

Sanasekenso. Woyamba kubwera kutsogolo kudzayeserera anali Che Saidi. Anapsinja mwamphamvu, osasiya.

Lero lamba uja anamutchinga ndi waya. Azimayi ogwira ntchito pafupi ndi makina amavala ovololo. Pakhoma pali bokosi la nsalu zoyera, ndipo silikhomedwa. Ndafikanso m'zigayo zina, mpaka ku Maganga. Ena amandilandira, ena amati ndiwataitsa nthawi.

Pokolola mpunga chaka chino, mayi wina wobwera kudzapunthitsa anagwera pa chikwakwa chake potsitsa thumba panjinga. Chinamucheka pamwamba pa bondo. Che Saidi sanaitane munthu. Anagwada, anapsinja, anakwera naye galimoto dzanja lili pomwepo mpaka kuchipatala. Mayiyo ali moyo. Tsiku lomwelo Che Saidi anafika pakhomo panga, magazi atauma m'zikhadabo. Anangoti, "Aphunzitsi, lero ndagwira." Tinakhala pakhonde awiri.

Sindinganame kuti ndachira. Chitenje chimene Tadala anachapa m'mawa wa tsikulo chikadali chopinda pamene ndinachiika. Koma mwana ndinakamutenga, ndi uyo wakhala ndi amayi achigwirizano apoyo. Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandisiye ndi chidani. Ndikuthokoza inu amene munkabwera kudzagogoda ngakhale sindinkatsegula.

Ndili ndi pempho limodzi kwa azibambo anzanga. Musadikire ngozi. Uzani anzanu a kuntchito ndi oyandikana nawo nyumba, akazi anu akumva, kuti, "Mayiwa akadzavulala ine kulibe, agwireni." Ine sindinapeze mpata wonena mawu amenewo. Inu mukadali nawo.

Ambuye akusungeni. Ameni.