Dzina la Chimphamvu Libwerere kwa Mwini Wake

Bwana wathu wamkulu, mayi amene mukuyendetsa galaja ino. Bambo anu amene anaiyambitsa, ndakuonani pakonapo, takulandirani. Mayi a kunyumba kwa mnzathu amene tikutsanzikana naye, ana ndi adzukulu. Amakaniko anzanga, a ku sitolo ya zipangizo, a pa geti. Moni nonse. Ena mwa inu ndikanakudutsani pamsewu, chifukwa sindinakuonenipo mutasamba.

Andipatsa mphindi zisanu kuti ndilankhule za a Chimphamvu. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ntchito pa mphindi zisanu. Tiyesa.

A Chimphamvu, inunso munayamba ngati tonsefe. Akuluakulu amandiuza kuti mlungu wanu woyamba munathira oyilo mu injini musanatseke kunsi. Munathira botolo loyamba, lachiwiri, lachitatu, mukudabwa kuti injini imeneyi ili ndi ludzu lotani. Amene anakudziwitsani ndi masokosi anu.

Za sipanala yanu ya nambala teni sindinena zambiri. Munthu uyu akhoza kukubwereka njinga, jekete, ngakhale mpando wake. Koma teni ayi. Amagona nayo m'thumba. Mayi a kunyumba, mukugwedeza mutu, ndiye kuti ndi zoona.

Ndiye pali lamulo lawo lija. Tinene limodzi, a galaja. Zala kaye. Bawuti iliyonse uyambe kuipota ndi zala katatu, ikalowa mosakana ndiye utenge sipanala. Akakupeza wayamba ndi sipanala sakukalipira. Amangoima kumbuyo kwako n'kutsokomola. Chifuwa chimenecho tonse timachilota.

Tsopano taonani munthuyu. Woonda ngati waya wa buleki. Mawu ake apansipansi. Nanga dzina la Chimphamvu linachokera kuti? Nkhani imene mumaidziwa ndi yakuti tsiku lina anamanga bawuti mwamphamvu mpaka kuononga galimoto ya bwana. Nkhaniyi timaifotokozera aliyense wobwera kumene. Inenso ndaifotokozapo, ndipo ndimaikometsera bwino. Lero ndikufuna ndiifotokoze mmene inachitikira.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo ndinabwera pano kuchokera ku galaja ya malole. Sindinali mwana. Ndinali ndi ndevu, mikono ngati iyi, ndi matama. Ku malole, bawuti ikakana umalowetsa paipi ku sipanala n'kuikwera. Pano ndinali nditathyola kale zinthu ziwiri, ndipo bwana anali atandiuza kuti chachitatu ndikatenge chikwama changa. Kunyumba akazi anga anali oyembekezera.

Tsiku limenelo galimoto ya bwana mwiniwake inali pa dzenje lokonzerapo magalimoto. Mawa lake m'mawa inkayenera kunyamula banja lonse kupita ku mwambo wa mwana wawo womaliza maphunziro. Mwana ameneyo ndi bwana wathu wa leroyu. Tinkabwezera tebo. Kwa alendo, tebo ndi chitsulo chooneka ngati nkhono chimene chimakankhira mpweya mu injini. A Chimphamvu anapita kukasamba m'manja, n'kundiuza kuti ndiyambe mabawuti ndi zala.

Ine zala ndinaziona ngati zochedwetsa. Bawuti yachitatu inalowa mopendama, inayamba kulimba. M'malo moibweza, ndinatenga paipi yanga. Ndinakoka kamodzi. Kawiri. Kachitatu inangofewa, n'kumazungulira ngati supuni m'kapu ya tiyi. Nditaitulutsa, mazinga onse a m'bowo, timizere tija timene bawuti imagwira, anatuluka nayo ngati zinyenyeswa. Tebo ina yoitanitsa ikanafika patatha milungu itatu.

A Chimphamvu anabwerera. Anandilanda bawutiyo n'kumaiyang'ana. Paipi anaikankhira pansi pa benchi ndi phazi. Nthawi yomweyo bwana analowa.

"Wachita zimenezi ndani?"



A Chimphamvu anati, "Ndine, bwana. Ndinakoka kwambiri."

Bwana anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iweyo? Ndi timikono timeneti? Chimphamvu chimenechi wachitenga kuti?" Galaja yonse inafa ndi phwete. Dzina linamera pomwepo. Anawakalipira pamaso pa tonse, ndipo ukapitawo umene ankayenera kulandira chaka chimenecho anaudikira zaka zina zitatu. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ngakhale mwanayo anali wandevu.

Bwana atatuluka, iwo anangoti, "Gwira tochi." Anatseka kukamwa kwa tebo ndi nsanza yoyera kuti kachitsulo ngakhale kamodzi kasalowe, chifukwa kakalowa kamatafuna zonse za m'kati. Anaboola bowo lija kuti likule pang'ono, mowongoka, osapendama ngakhale tsitsi limodzi. Anatenga tapu, chida chodulira mazinga atsopano, n'kuipaka girizi kuti zinyenyeswa zizimatirira. Ankapota theka, n'kubweza pang'ono. Theka, n'kubweza. Ine thukuta kamukamu, iwo akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Kenako analowetsa kawaya kopota ngati sipuling'i, kamene kamakhala mazinga atsopano a bowolo.

Atamaliza anandipatsa bawuti yatsopano. "Manga ndiwe. Zala kaye."

Ndinaiyamba ndi zala. Inalowa ngati ikubwerera kwawo. Isanakwane nthawi yoweruka, galimoto inali italira. Bwana wathu, ku mwambo wanu munafika pa nthawi yake, ndipo galimoto ija inayenda zaka zina khumi ndi chimodzi bowo limenelo osadandaula.

Tikusamba m'manja ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Ine akandikalipira ndipita kukamwa tiyi. Iwe akakukalipira upita kukalongedza. Mwana akubwerayo adya chiyani?" Kenako anati, "Koma paipi ija ndisadzaionenso."

Mwana ameneyo ndi uyo waima pakhomoyo, wa malaya oyera. Chaka chatha anamaliza maphunziro a unamwino.

Ndachita manyazi zaka zonsezi, ndinene poyera. Nthawi iliyonse mukamaitana kuti Chimphamvu, iwo ankayankha mosangalala, ine ndinkayang'ana pansi. Kangapo ndinafuna kuulula, iwo n'kunditsokomolera. Dzulo ndinawauza kuti lero ndinena. Anati, "Usayerekeze, Lolemba ukulowa pa mpando wanga wa ukapitawo." Pepani akulu, kwa nthawi yoyamba sindikumverani. Mlandu suola. Sindingalole kuti mutuluke pa geti ilo mutasenza katundu wanga.

Bwana wamkulu wakale, munamva bodza limodzi lokha kuchokera kwa munthu uyu, ndipo ndi limenelo. Ndaona mukuseka, ndiye mtima wayamba kukhala pansi. Bwana wa lero, za Lolemba mundiuza nokha. Ngati mpando uja mwasintha nawo maganizo, ndimvetsa. Tochi ndimaigwira bwino.

Mayi, zaka zonsezi pamsika amakuitanani kuti mayi a Chimphamvu. Amuna anu sanathyolepo bawuti pano, ngakhale imodzi. Adzukulu, mwamva? Agogo anu ndi munthu wa manja ofatsa kuposa onse amene ndinagwirapo nawo ntchito. Theka la amakaniko muno linaphunzira kwa iwo, ndipo theka linalo linaphunzira kwa amene anaphunzira kwa iwo.

Akulu, munati paipi ija musadzaionenso. Ndalakwanso. Nayi. Ndinaibisa kuseri kwa kabati yanga. Ndaipala dzimbiri, ndaiwotcherera chogwirira, ndaika labala kunsi kwake. Tsopano ndi ndodo. Simukuifuna lero, mukuyenda bwino kuposa ine. Koma tsiku limene mwendo udzayambe kukana, mudzatsamire pamenepo. Inenso ndinatsamira pa inu.

Pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera. Mukakonze zitseko zonse zimene mayi akhala akuzidandaula, koma teni muisiye pa tebulo pogona. Dzina lija lisiyeni pano. Kuyambira Lolemba, wina akaitana kuti Chimphamvu, woyankha ndine.

Tsopano tiimirire tonse. Tiwaombere m'manja monga anatiphunzitsira. Zala kaye, katatu. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Yalowa bwino. Tsopano ikani mphamvu zonse, pano palibe chothyoka.