Nyanja Inawanamiza Bambo Avataq

Malemu achimwene anga, bambo Avataq Ulloriaq, anabadwa pa 9 Malichi 1956 konkuno ku Qeqertat, m'banja la ana asanu. Lero ine Mamarut ndatsala ndekha.

Sukulu anayamba mu 1963, n'kuisiya atangodziwa kulemba dzina lawo, ati choko sichidyetsa agalu. Mu 1968 bambo athu anawapatsa chileyi, agalu anayi ochikoka, ndi ndodo yachitsulo kunsonga yoyesera nyanja ikaundana. Lamulo lake tonse timalidziwa: baya katatu pamalo amodzi, madzi akapanda kutuluka, dutsa.

Mu 1979 anakwatira mayi Navarana, ndipo mayiwa ndi mboni kuti nyumba yawo sinagonepo ndi njala. Masiku amenewo nyanja inkaundana mu Okutobala, ife n'kumayendapo mpaka Julayi. Amuna ambiri muli pano munaphunzira kubaya katatu kwa malemuwa, ndipo makutu anu akukumbukira mmene ankakokedwera mukabaya kawiri.

Cha mu 2005 nyanja inayamba kuchedwa kuundana, poyamba Novembala, kenako Disembala. Mvula inayamba kugwa pa nyengo yolakwika, n'kumagumula mphanga za chipale chofewa zimene akatumbu a m'nyanja amaswereramo. Ana awo tinkawapeza pamtetete, akhwangwala atawakolowola maso. Zimbalangondo zoyera, nthiti zikuwerengeka, zinayamba kudzafukula kudzala la kuseri kwa sukulu. Malemu anali ouma mutu, tisabise. Ndikati nyanja yasintha, ankangoti, "Iwe Mamarut, mantha unayamba uli kumsana kwa amayi. Chitsulo chinayamba chanamapo?"

Pa 2 Febuluwale chaka chino, nyama itatha m'mudzi, ananyamuka ndi mwana wawo Qillaq kukasaka akatumbu. Atadutsa chilumba chomaliza, agalu anakana kupitirira. Malemu anatsika, anabaya katatu, madzi sanatuluke. Anayenda mapazi khumi okha, n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi. Pamene anabayapo panali polimba ndithu, koma patsogolo pake madzi ofunda anali atadya kunsi, pamwamba osasiya chizindikiro.

Qillaq anawavuula ndi chingwe cha agalu, koma chibayo chinawagwira. Ndege inalephera kudzawatenga chifukwa cha nkhungu yochokera pamadzi osaundana. Pa 10 Febuluwale anandiitana nati, "Mphwanga, ndodo ija usampatse mwana aliyense. Ndawaphunzitsa bodza anawa." M'mawa mwake anatisiya.

Asiya mayi Navarana, ana atatu, Qillaq, Aleqa ndi Inuuteq, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi agalu khumi ndi mmodzi. Tikuthokoza amayi amene mwakhala ndi namfedwa masiku onsewa, abambo amene mwaswa nthaka youma gwa ndi kututa miyala ya manda, komanso akatekisiti athu.

Abale mwabwera pa zileyi kuchokera ku Qaanaaq, mwandifunsa njira yabwino yobwererera kwanu. Zaka zonsezi funso limenelo tinkalitula kwa munthu ali m'bokosiyu. Ine sindikuidziwa, ndipo ndikuchita mantha. Nyama m'mudzi muno mulibebe. Mawa Qillaq amanganso agalu kubwerera komweko, poti ana sadya maliro, ndipo palibe pano amene angamuuze poponda.

Mzimu wa achimwene uuse mumtendere. Iwo agona polimba lero, ife tikadali pamwamba pa madzi.