Phukusi la Dokotala Angella Mpaweni

Malemu Dokotala Angella Mpaweni anabadwa pa 9 Meyi 1979 kuno ku Domasi, achitatu m'banja la ana asanu. Pulayimale anaphunzira pa Mishoni pompa, sekondale ku Malosa, ndipo mu 2002 anatenga digiri ya sayansi ku Zomba. Pa 12 Ogasiti 2006 anamanga banja ndi a Horace Mpaweni, akhala apowa.

Mu 2011 anapita ku South Africa kukafufuza za maselo, tizigawo ta thupi tosaoneka ndi maso. Ankatifotokozera kuti m'selo muli chipinda cham'kati, ndipo katundu satulukamo yekha: pali puloteni yonyamula, imene imayamba yaona chizindikiro pa katunduyo isanamutulutse pakhomo. Ife abale, mwa umbuli wathu, tinkawaseka kuti anakwerera ndege kukaphunzira za akabaza. Iwo ankaseka nafe. Mu 2016 anabwerera kudzaphunzitsa pa koleji.

Mu Janyuwale 2024 msana unayamba kuwavuta. Zotsatira za kuchipatala malemu anaziwerenga okha, adokotala awo asanatsegule pakamwa: khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Abale anga, chondiwawa chili apa. M'matenda amenewa wonyamula uja amachita changu chopitirira, n'kumatulutsa ndi mapuloteni omwe amalondera selo kuti isalowerere. Chimene anachifufuza zaka zisanu ndicho chinkawadya, iwo akuona.

Ankadziwanso dzina la mankhwala amene amaletsa wonyamulayo, koma kuno kulibe. Anzawo akunja anavomera kutumiza. Mapepala anatenga miyezi inayi, a Horace nsapato zinawathera m'maofesi. M'mawa uliwonse malemu ankafunsa ngati phukusi lafika. Pa 2 Marichi chaka chino analeka kufunsa. Anangolemba pakapepala kuti likadzachedwa lipite kwa mayi Zuwena a ku Songani, amene anagona nawo wodi imodzi ndi matenda omwewa.

Anatisiya Lamulungu pa 9 Marichi 2025. Phukusi lafika dzulo, Lachiwiri. Mayo ine, masiku awiri okha!

Asiya amuna awo, ana awiri, Daniel ndi Patience, mayi awo owabereka ndi ife abale anayi. Tikuthokoza mpingo, anamwino, aphunzitsi anzawo ndi inu nonse mwatikhalitsa pano. Amene munafunsa kuti anamfedwa analowera kuti m'mawa uja, mutikhululukire: a Horace anakwera kabaza kukapereka okha phukusilo ku Songani.

Achemwali, katundu wanu wafika. Mzimu wanu uwuse mumtendere.