Munthu Wokana Kuvuulidwa

Pa siteji ya ku Lifuwu, Tionenji anakhala pa thumba lake la mpunga kudikira minibasi. Pambali pake panaima msodzi wina ndi mayi wa dengu la tomato, anthu osadziwana. Kenako panadutsa bambo wina pa njinga, malaya akudontha madzi.

"Mwamuona uyo, mayi?" anatero msodziyo. "Dzana ndinamupeza pakati pa nyanja, yekhayekha. Ndinamugwira kabudula n'kumukokera m'bwato. M'malo mothokoza, ati ndamusokoneza."

"Anakuuzani kuti akumira?" anafunsa mayi wa tomatoyo, Tionenji akungomvetsera.

"Womira amanena? Titafika kumtunda anakwera njinga, ati akatsika ayambenso kuthamanga, popanda womuthamangitsa. Mutu umenewo ukuyenda bwino?"

"Akukonzekera mpikisano. Amasambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga, zonse tsiku limodzi."

"Mpikisano wake womaliza thupi chonchi? Ndimamudziwa ine, anali ndi mimba ya ubwana, lamba osaoneka. Pano ena akuti akudwala, ena akuti mkazi wake samuphikira."

"Amawaphikira. Kungoti kale akawerama kuti amange nsapato, ankapuma ngati asenza thumba la chimanga. Kuchipatala anawapeza ndi shuga. Akagona mpweya unkawathawa, mkazi wawo n'kumawagwedeza kuti aone ngati akadali moyo."

"Nanga inu zakuchipinda kwa eni mukuzidziwa bwanji?"

Mayiyo anakonza nsalu yovundikira tomato wake.

"Wowagwedezayo ndinali ine, bambo. Mukawapezanso m'madzimo, muzingopalasa pambali pawo, musawavuule. Kumtunda kuno n'kumene ankamira."