Mabuku Ali kwa Mayi Saraswati

Kwathu ku Bankura ngakhale mwana wa mamina amadziwa kuti pa tsiku la Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, mabuku amaikidwa kumapazi kwake ndipo palibe amawerenga mpaka mawa lake. Koma akuluakulu aboma, eni nzeru, anasankha tsiku lomwelo kuti bwana wawo adzaone ngati ana a pasukulu yathu amawerengadi mabuku a zinthu zenizeni. Akapeza kuti sawerenga, chipinda cha mabuku cha pasukulupo chisanduka mosungira mpunga. Mphunzitsi wamkulu, mayi Kakoli, anapeza a Nibarani, osunga makiyi, akutafuna masau pakhomo pa chipindacho.

"Nibarani-da, mabuku ali kuti?"

"Si awo, Didi?" Analoza pakona. Kwathu Didi ndi achemwali, -da ndi achimwene.

"Awo ndi a mizukwa. Ndikunena a nyenyezi, a njoka, a thupi la munthu."

"Amenewo ali kwa Mayi Saraswati."

"Onse?"

"Munati ndipereke mabuku anzeru. A mizukwa mumati alibe nzeru, ndiye ndawasiya."

"Mwagwira ntchito, bambo. Bwana akafika tiwauza kuti ana athu akudziwa mano a mzukwa kuti ndi angati."

"Makumi anayi, Didi. Zili patsamba lachitatu."

Mayi Kakoli anatsinzina, n'kupumira m'mwamba.

"Kawatengeni."

"Ndikalande mulungu?"

"Kapempheni, nanga!"

"Iii, Didi, amachedwa kuyankha. Za bondo langali ndinapempha zaka khumi zapitazo."

"Chabwino. Abweretse mpungawo, ana aziwerenga zolembedwa pamatumba."

A Nibarani anaganiza kaye, n'kulavula njere.

"Nazonso n'zenizeni. Pamakhala dzina la chigayo."

"Ndikakhala pansi n'kuyamba kulira musadabwe."

"Ndibweretse mpando?"

Apa mtima unawapwetekadi mayiwo, poti chipindacho anachimenyera okha nkhondo.

"Zaka zitatu, Nibarani-da. Ndawanyengerera ndi masiwiti, ndawaopseza ndi ndodo. Buku la njoka lija silinatsegulidwepo, masamba ake akadali omatana. Lero lokha ndimafuna angoligwira m'manja, ngakhale chozondotsa, bwana aone."

"La njokalo ndiye landivutitsa."

"Buku lingakuvutitseni bwanji? Lakulumani?"

"Ayi, silikuluma. Likusowa. Ndalibwezera kumapazi kwa Mayi kasanu konse, ndikangotembenuka palibe."

"Likupita kuti?"

"Kunsi kwa tebulo la maluwa a Mayi, kuseri kwa nsalu. Ndapezako ana khumi ndi mmodzi akulimbirana."

"Akulimbirana chiyani?"

"Kuwerenga, Didi. Ana opanda mwambo. Wina wachita kundifunsa ngati ndikudziwa kuti njoka ilibe zikope."

"Inu mwatani?"

"Ndawauza kuti lero n'koletsedwa, Mayi akakwiya mulephera mayeso nonse."

"Athawa?"

"Abweranso ena asanu ndi mmodzi. Atenga ndi la nyenyezi lomwe." Anatola ndodo yawo pakhoma. "Musadandaule, ndikukawathamangitsa pompano bwana asanaone manyazi amenewa."

Kumsewu kunamveka galimoto ikuima. Mayi Kakoli anagwira ndodoyo mwamphamvu.

"Bwanawo muwaperekeze kunsi kwa tebulo komweko. Ndipo mawa, Nibarani-da, mukaime pabwalo ndi ndodo yanuyi, mulengeze kuti mabuku onse anzeru ndi oletsedwa chaka chonse."