Dokotala Lefina Mphepo, Owerenga Timabuku ta Odwala

Malemu Dokotala Lefina Mphepo, amene tikuwaperekeza lerowa, anabadwa pa 9 Ogasiti 1967 kuno ku Simlemba. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo Simeon ndi mayi Feliya, alimi a fodya. Anakula akusoka fodya m'chigafa, ndipo kusukulu ankafika zala zili bii ndi utomoni wake. Mu 1981 anasankhidwa kupita kusekondale.

Mu 1985, ali folomu folo, mayi awo anamwalira. Chipatala china chinawapatsa mankhwala awa, china chinawapatsa awo, mankhwala osayenera kukumana m'thupi limodzi. Chikalata chawo chakuchipatala chinali chitanyowa ndi mvula, moti palibe amene anadziwa zimene mnzake analemba. Imfa imeneyi ndiyo inawasankhira malemuwa ntchito.

Anaphunzira za mankhwala kuyunivesite, ndipo pa 17 Julayi 1993 anakwatitsa ukwati woyera ndi a Benjamin Mphepo, mphunzitsi. Digiri yaukadaulo anailandira mu 2003. Kwa zaka zambiri anayenda m'zipatala zing'onozing'ono, kuyambira ku Lisasadzi mpaka kuboma, akuwerenga timabuku ta odwala tsamba ndi tsamba. Anasonyeza mmene tsamba long'ambika kapena dzina la mankhwala lolembedwa mothamanga limapwetekera munthu. Zolemba zawozo lero akuphunzitsira m'mayunivesite akunja, ndipo ophunzira awo ambiri tsopano ndi aphunzitsi nawonso.

Koma anamfedwa, ndisakubiseni, mtima wawo sunali pamalo. Kumisonkhano ankawaombera m'manja, lipoti lawo n'kulitsekera m'kabati. Akabwera kuno kumudzi ankapeza timabuku tomwe tija, tong'ambika chimodzimodzi. Kawiri konse anaitanidwa kukagwira ntchito kunja, koma bambo awo a Simeon anali atasiya kuona, ndipo panalibe wowasiyira. Ankauza amuna awo kuti kupita kukanakhala kuthawa, pomwe kukhala kunali kungoonerera.

Pa 22 Juni 2021 anagwa akuphunzitsa m'kalasi. Anali matenda a sitiroko. Mbali yakumanja inafa, lilime linamangika, koma nzeru zinatsala zonse. Ankamva chilichonse, ankadziwa chilichonse, koma potulutsira panalibe.

Ali chigonere m'chipatala, anamva namwino akutchula mankhwala oti apatse mayi wina wa pabedi loyandikana nalo. Malemuwa anali atamva mayiyo akuuza mbale wake dzulo lake kuti mankhwala amenewo anamutupitsapo mpaka kubanika. Anayesa kuitana, mawu osatuluka. Anatola supuni ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kumenya chitsulo cha bedi. Anthu anati mutu wasokonekera, ena anafuna kuwagwira dzanjalo. Mwana wawo Gladness ndiye anaona kumene maso awo ankaloza. Anatenga kabuku ka mayi aja, n'kumatsegula masamba mpaka chala cha malemuwa chinaima pamzere umene wina analemba kalekale kuti mankhwalawo sawayanja. Mankhwalawo sanaperekedwe. Mayiwo anachira, ndipo tili nawo pano pakati pa azimayi.

Atatuluka m'chipatala, anakhala pakhonde kuno zaka pafupifupi zinayi. Ophunzira awo, motsogozedwa ndi Dokotala Rahila Jafar, ankabwera kudzawawerengera kafukufuku wawo. Kugogoda kamodzi kunali kuvomera, kawiri kukana. A Mphepo akuti chimene chinkawaliza malemuwa sichinali ululu ayi. Chinali kumva mawu olakwika, olondola akuwadziwa, koma osatha kuwanena. Buku limene anayamba kulemba latsala pakati.

Anatisiya pa 3 Febuluwale 2025 m'mamawa, ali ndi zaka 57. Asiya amuna awo a Benjamin Mphepo, ana awiri, Gladness ndi Sankhani, zidzukulu zitatu, ndi azichimwene awo awiri.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a Chigwirizano amene ankasinthana kuwasambitsa, anamwino amene anawasamalira, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse mwasiya fodya m'munda pa nyengo yothyolayi. Kwa Dokotala Jafar ndi anzanu, mapepala a buku lija a Mphepo akuti mutenge lero lomwe, musadikire.

Mayi athu, munakhala chete nthawi yaitali mawu atadzaza pakhosi. Pitani mukapume. Mzimu wanu uuse mumtendere.